Mayunitsi akutha msanga kunyumba ndi kusaluni: kodi mita ikundibera?

Funso:

"Bambo a zamagetsi, chonde ndithandizeni. Ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo tilipo anthu 6. Tili ndi giza, kuka ya mapuleti anayi ndi firiji. Galaja tinaisandutsa saluni, muli ma dryer awiri ovala kumutu ndi imodzi ya pamanja, komanso firiza yomwe ndimaikamo mafirizesi ogulitsa. Zonsezi zili pa mita imodzi. Mayunitsi omwe kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi pano akumatha mwezi uli pakati. Mababu onse ndinasintha n'kuika a LED, ana ndimawakalipira tsiku ndi tsiku kuti azizimitsa magetsi, koma palibe chikusintha. Mnyamata wina wandiuza kuti angathe kuikonza mitayi kuti izidya pang'ono, ndipo kumsika ndaona kabokosi kolowetsa pa soketi komwe akuti kamadula bilu ndi theka. Bambo a kunyumba akuti tingobwerera ku makala. Kodi mita yangayi ikundibera? Ndichite chiyani?"

Mayi wa saluni, Chilomoni

Yankho:

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Dandaulo lanuli ndimalimva kawirikawiri, kwa eni nyumba, kwa alendi, ngakhalenso kwa mabwana a m'maofesi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito ya mawaya, mita yowerenga molakwika ndinaionapo, koma mwa apo ndi apo. Nthawi zambiri mita imakhala ikunena zoona, kungoti mwini nyumba amakhala akuyang'ana kolakwika. Nyumba ngati yanuyi ili ndi malo angapo omwe mungadulepo mayunitsi ambiri osagula chipangizo chatsopano, ndipo ndikusonyezani malowo.

Poyamba siyani kuwerengera makwacha, yambani kuwerengera mayunitsi. Anthu ambiri amati magetsi a ndalama zakutizakuti kale ankatha mwezi, lero satha, n'kuiwala kuti ndalama yomweyo lero sigula mayunitsi omwe inkagula kale. Mitengo ya magetsi, yomwe bungwe la MERA limavomereza kuti ESCOM izilipiritsa, yakwera kangapo kuyambira 2023, chaka chomwenso kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala. Choncho tengani malisiti kapena mauthenga a pa foni omwe mumalandira mukagula magetsi, muyang'ane chiwerengero cha mayunitsi osati ndalama. Mwina mupeza kuti mbali ina ya vutoli ndi mtengo, osati kagwiritsidwe ntchito. Muonenso ngati palibe ngongole yakale yomwe ikudulidwa nthawi iliyonse mukagula. Koma poti mukuti mayunitsi akutha mwezi uli pakati, ndikukhulupirira kuti palinso china chomwe chikudya mopitirira.

Yunitsi imodzi ndi mphamvu yomwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya chikayaka kwa ola lathunthu. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena kunsi kwake, pomwe pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Nambala imeneyo muichulukitse ndi maola omwe chipangizocho chimayaka, mugawe ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Masamu ake ndi omwewa basi, ndipo mwana wa sitandade 7 angakuthandizeni.

Tiyeni tiwayese pa mababu anu. Tinene kuti muli ndi mababu 10 a LED, lililonse la mawati 9, ndipo onse amayaka maola 6 pa tsiku. Pamenepo mukudya theka la yunitsi pa tsiku, pafupifupi mayunitsi 16 pa mwezi. Akanakhala mababu akale aja a mawati 60, bwenzi ali mayunitsi 108. Ndiye munachita bwino kusintha, mwapulumutsa mayunitsi oposa 90 mwezi uliwonse. Koma pa mababu ntchito munaimaliza. Ngakhale ana atazimitsa nyumba yonse n'kumakhala mumdima, mupulumutsa mayunitsi 16 okha. Anawo asiyeni apume, azilemba ntchito ya kusukulu powala. Mukuthamangitsa mbewa m'munda pomwe ng'ombe ikudya chimanga kuseri.

Magetsi ambiri m'nyumba amapita ku zinthu zomwe ntchito yake ndi kutenthetsa kapena kuziziritsa. Giza, kuka, uvuni, ketulo, simbi, hita, dryer, firiji ndi firiza. Mukafuna kudziwa komwe mayunitsi anu akupita, funsani funso limodzi pa chipangizo chilichonse: kodi chimatentha, ndipo chimatentha kwa maola angati?

Ndikhalitsa pa giza, chifukwa m'nyumba zambiri zomwe ndalowamo ndiyo imakhala patsogolo. Giza ya malita 150 nthawi zambiri imakhala ndi elementi (chitsulo chotenthetsa madzi) ya mawati 3,000, kutanthauza kuti ikamatenthetsa imadya mofanana ndi mababu anu a LED oposa 300 oyaka nthawi imodzi. Kuti madzi odzadza thanki imeneyi achoke pa madigiri 20 kufika pa 60, pamafunika mayunitsi pafupifupi 7, ndi maola awiri ndi mphindi zingapo. Anthu 6 akasamba pa shawa, yomwe imatha kutulutsa malita 10 kapena kuposa pa mphindi imodzi, thanki yonse imatha m'mawa umodzi. Onjezaninso madzi otsukira tsitsi la makasitomala, ndi kutentha komwe kumangothawa pa thupi la gizayo ngakhale palibe amene watsegula mpopi, komwe kumatha kufika mayunitsi awiri pa tsiku. Mukaphatikiza, giza yokha ingathe kudya mayunitsi oposa 250 pa mwezi. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikawomba ku Blantyre kuno, madzi amalowa mu thanki ali ozizira kwambiri, anthunso amakhalitsa m'bafa, ndiye mayunitsi amathamanga kuposa apa.

Anthu amakonda kutsutsana ngati kuzimitsa giza kumathandiza. Kumathandiza ndithu, makamaka ngati imakhala maola ambiri osagwiritsidwa ntchito. Muziiyatsa maola awiri anthu asanayambe kusamba, n'kuizimitsa asanalowe m'bafa, kuti isayambenso kutenthetsa madzi ozizira omwe akulowa pomwe palibe amene awafune mpaka mawa. Ngati mumaiwala, wa zamagetsi akuikireni timer yoti iziyatsa ndi kuzimitsa gizayo pa nthawi yomwe mwasankha, si yodula poyerekeza ndi zomwe imapulumutsa. Koma phindu lalikulu lili pa kuchepetsa madzi otentha omwe mukugwiritsa ntchito. Taganizani izi: kuwiritsa lita imodzi mu ketulo kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi. Malita 5 owira mukawasakaniza ndi malita 15 ozizira mu ndowa, mumapeza madzi ofunda bwino osambira, ndipo mwangodya theka la yunitsi. Anthu 6 ndiye kuti mayunitsi atatu pa tsiku, m'malo mwa 8 kapena 9. Sindikuti mutaye shawa yanu, koma mwezi ukavuta, ndowa ndi ketulo zimakuwolotsani.

Pali zinanso za giza zomwe sizioneka ukakhala pansi. Tulukani panja muyang'ane kapaipi komwe kamatuluka pakhoma kapena kudenga kuchokera ku giza. Kudontha pang'ono pomwe giza ikutenthetsa n'kwabwinobwino. Koma mukapeza kakungodontha usana ndi usiku, pansi pake pali ndere zobiriwira, ndipo madziwo ndi ofunda mukawagwira, dziwani kuti mukutenthetsa madzi n'kumathirira khoma. Mpopi wa madzi otentha wodontha kukhitchini umachitanso chimodzimodzi. Chinanso ndi thermostat, kachipangizo komwe kamazimitsa elementi madzi akafika pa mlingo wake. Ndapezapo magiza ambiri atawaika pa madigiri 70 kapena kuposa, madzi otuluka ngati okosolera nkhuku. Muuzeni wa zamagetsi aiike pa 60. Musalole kuti aitsitse kwambiri pofuna kusunga magetsi, chifukwa madzi ongofunda okhala m'thanki ndi malo omwe tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana. Ngati thermostat yafa, nthawi zina elementi sizima, ndipo kumeneko sikungotha mayunitsi kokha, ndi ngozi. Kudengako musakwereko nokha kukatsegula, pamakhala mawaya amoyo.

Kukhitchini nkhani yaikulu ndi nyemba. Puleti yaikulu ya kuka imakhala ya mawati 1,500 kapena kuposa. Nyemba zouma zongochotsa m'thumba n'kuika pamoto zimatha maola atatu, ndipo mphika umodzi ungadye mayunitsi atatu kapena anayi. Zivikeni m'madzi usiku wonse, nthawi yophika idzatsika kwambiri. Mukakhala ndi pressure cooker, nyemba zoviika zimapsa ola lisanakwane. Ngati mulibe, pali njira ina yomwe ndimaikonda chifukwa sifuna ndalama: wiritsani nyemba zoviikazo mwamphamvu kwa mphindi 20, vundikirani bwino, phulani mphikawo n'kuukulunga m'bulangete lakale m'kati mwa dengu, muusiye maola anayi kapena asanu uku mukugwira ntchito kusaluni. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Madzulo mungozibwezera pamoto pang'ono n'kuthira tomato ndi anyezi.

Madzi a nsima muziyamba mwawawiritsa mu ketulo, chifukwa mu ketulo elementi imakhudza madzi enieniwo pomwe pa puleti kutentha kwina kumathawira m'mbali. Koma muziwiritsa okwanira ntchitoyo, osati kudzadza ketulo pofuna kapu imodzi ya tiyi. Otsala athireni mu fulasiki. Poto azikhala wofanana kukula ndi puleti, wa pansi posalala, ndipo azikhala ndi chivundikiro. Mapoto opindika kunsi amakhudza puleti pakati pokha, kwinako mukutenthetsa mpweya. Mapuleti achitsulo cholimba aja amasunga moto nthawi yaitali, ndiye muzizimitsa mphindi 5 kapena 10 ndiwo zisanapse. Uvuni muziuyatsa mukakhala ndi zambiri zoti muphike nthawi imodzi. Ndipo chonde, m'nyengo yozizira pasakhale woyatsa mapuleti kapena hita usiku wonse kuti aziwotha. Hita ya mawati 2,000 ikayaka maola 5 yadya mayunitsi 10, kuposa mababu anu onse pa masabata awiri.

Tsopano kusaluni. Apa ndilankhula mosapsatira: magetsi a pa saluni si otayika, ndi gawo la mpamba, monga mafuta ndi mankhwala a tsitsi. Vuto lanu n'loti simukudziwa kuti saluniyo ikudya zingati, choncho ndalama ya pakhomo ndi yomwe ikulipirira makasitomala anu. Dryer yovala kumutu nthawi zambiri imakhala pafupifupi mawati 1,000, yapamanja imafika 2,000. Kasitomala akakhala mphindi 45 pansi pa yakumutu wadya magawo atatu mwa anayi a yunitsi. Yapamanja ikalira mphindi 15, theka la yunitsi lapita. Pa Loweruka lotanganidwa, makasitomala 8 okha angakudyereni mayunitsi 10, osawerengera madzi otentha. Yang'anani zikwangwani za ma dryer anu, muchite masamu aja, mudziwe kuti mutu umodzi ukudya magetsi a ndalama zingati, ndipo ndalamayo ilowe pa mtengo womwe mumalipiritsa.

Kuchepetsa kulipo. Tsitsi muzilipukuta bwino ndi thaulo louma kasitomala asanalowe mu dryer, chifukwa dontho lililonse lomwe thaulo lachotsa ndi lomwe magetsi sakaumitsa. Dryer isamalire pa mpando wopanda munthu podikira kuti wina amalize kulukidwa. Kumbuyo kwa dryer kuli kasefa kolowera mpweya, komwe m'masaluni ambiri ndimakapeza katatsekeka ndi fumbi ndi tizidutswa ta tsitsi. Kakatsekeka, mphepo imachepa, tsitsi limachedwa kuuma, ndipo elementi imapsa msanga. Katsukeni ndi mswachi wakale dryer ili yochotsedwa pa soketi. Zowongolera tsitsi zisamakhale zoyaka tsiku lonse, zimatentha m'mphindi zochepa. Pa madzi otsukira, ngati giza ili kutali ndi galaja, nthawi iliyonse mukatsegula mpopi mumataya malita angapo podikira kuti otentha afike, ndipo otsala m'paipi amazizira pachabe. Ketulo ndi fulasiki yaikulu m'saluni momwemo zingakutumikireni bwino kuposa giza.

Langizo langa n'loti mupite ku ofesi ya ESCOM mukafunse za mita yakeyake ya saluni. Mtengo wa yunitsi pa malo a bizinesi ndi wokwererapo kuposa wa pakhomo, ndiye mukawerengere bwino, koma mudzakhala pa chilungamo ndipo mudzadziwa phindu lenileni la ntchito yanu. Podikira zimenezo, wa zamagetsi angakuikireni kamita kakang'ono kongowerengera pa waya wopita kugalaja, kuti muziona nokha mayunitsi a saluni pa tsiku.

Firiza yanu ili pamalo ovuta. Galaja ya malata, momwe ma dryer akutulutsa mpweya wotentha tsiku lonse, ndi malo omwe firiza imalira osapuma, makamaka mu Okutobala. Firiji kapena firiza yabwino imadya yunitsi imodzi kapena ziwiri pa tsiku, koma yakale, yokhala potentha, ya labala wotha, imatha kudya kawiri. Ngati n'kotheka isunthireni kuchipinda chozizirirapo, komwe dzuwa silifika, ndipo musiye mpata wokwana chikhatho pakati pa iyo ndi khoma. Labala wa pachitseko muyeseni chonchi: tsekerani ndalama yapepala pachitseko, theka m'kati theka kunja, n'kuikoka. Ikakanirira, labala ali bwino. Ikangosololoka, mpweya wozizira ukutuluka pamenepo. Yesani m'mbali zonse zinayi, makamaka m'makona a m'munsi. Madzi oundana m'makoma akafika kunenepa kwa chala, izimitseni asungunuke okha. Musawagobe ndi mpeni, ambiri aboola paipi ya gasi mwa njira imeneyi n'kutaya firiza yonse. Mafirizesi muziwaika atazizira kale, osati madzi akadali ofunda, ndipo muzitulutsa okwanira n'kuika mu cooler box yogulitsira m'malo motsegula firiza mwana aliyense akabwera ndi ndalama yake.

Firiza yodzadza imasunga kuzizira kuposa yopanda kanthu, choncho malo otsala ikanimo mabotolo a madzi. Zimathandizanso magetsi akathima: firiza yodzadza yosatsegulidwa imasunga zinthu pafupifupi masiku awiri, pomwe firiji wamba ndi maola anayi okha. Ena amazimitsa firiji usiku kuti asunge mayunitsi. Ngati muli nyama, nsomba kapena mkaka, musatero. Zomwe mungapulumutse n'zochepa, pomwe matenda a m'mimba pa banja lonse angakuboolereni m'thumba.

Zotsalazo ndidutsapo mwachangu. Zovala muzisita tsiku limodzi pa mlungu m'malo moti aliyense azitenthetsa simbi m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi. TV, dikoda ndi zokuzira mawu muzizimitsa pakhoma mukamagona, chifukwa dikoda imadyabe ngakhale mwaizimitsa pa rimoti. Chaja ya foni yosiyidwa pa soketi imadya pang'ono kwambiri moti si yoyenera kukanganirana. Getsi lapanja lisamayake masana.

Nanga mita? Mungathe kuiyesa nokha osaikhudza m'kati. Tengani kope, kwa mlungu umodzi muzilemba mayunitsi otsala musanagone ndi mukangodzuka, kenako musanatsegule saluni ndi mukatseka. Usiku, giza ili yozima, nyumba ngati yanu siyenera kudya zoposa mayunitsi awiri kapena atatu. Ikamadya 6 kapena 8 aliyense ali m'tulo, chilipo chomwe chikuyaka mosadziwika. Kenako sankhani nthawi ya masana, muzimitse chilichonse m'nyumba ndi m'saluni, firiji ndi firiza zomwe, muchotse mapulagi onse, koma maswichi a m'bokosi la magetsi akhale oyatsa. Yang'anani kanyali kofiira ka pa mita komwe kamaphethira. Pafupi nako pamalembedwa nambala yotsatana ndi imp/kWh. Ngati ndi 1,000, ndiye kuti kakaphethira ka 1,000 yunitsi imodzi yatha. Zonse zikazima kanyaliko kayenera kusiya kuphethira. Kakapitiriza, muzitsitsa maswichi a m'bokosi imodziimodzi mpaka kasiye, ndipo yomwe yakasiyitsayo ndiyo ikuloza komwe kuli vuto. Mwina ndi waya wosupuka wokhudza malata kapena paipi, mwina elementi ya giza yobooka, mwinanso waya wakale wopita ku nyumba ya kuseri kapena kuseri kwa mpanda womwe inu simukuudziwa. Kakaphethirabe ngakhale main switch ili pansi, pitani ku ESCOM mukapemphe kuti adzaiyese mitayo, ndipo mutenge kope lanu lija. Dandaulo likapanda kuyankhidwa mokhutiritsa, MERA imalandira madandaulo a ogula magetsi.

Za mnyamata wofuna kuikonza mita, yankho langa ndi ayi, ndipo ndikutsindika. Chomwe akutanthauza n'kulumikiza waya wodutsa pambali pa mita. Kumeneko n'kuba magetsi, ndi mlandu, ndipo zikadziwika wodulidwa magetsi, wolipira chindapusa ndi wobweza mayunitsi onse ndinu, iye atapita kalekale ndi ndalama yanu. Choopsa koposa n'choti mawaya opotedwa mobisa ndi mofulumira amatentha, ndipo ndaonapo mabokosi a mita atasungunuka n'kuda bii. Inu m'saluni mwanu mumakhala anthu a mitu yonyowa, zida zamagetsi zili kumutu. Musaike miyoyo imeneyo pachiswe.

Kabokosi ka kumsika kaja ndalama yanu musaitayirepo. Mukakatsegula mumapezamo capacitor (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kwa kanthawi) ndi kanyali kobiriwira, basi. Mita ya pakhomo imawerenga mphamvu yeniyeni yomwe yasanduka kutentha, kuwala kapena kuzungulira kwa injini, ndipo kabokosiko sikangachititse kuti malita 150 a madzi atenthe ndi mayunitsi ochepera 7. Ma capacitor ali ndi ntchito yake yeniyeni m'mafakitale ndi m'zigayo zikuluzikulu, komwe kampani imalipiritsidwanso malinga ndi kVA, muyeso wa mphamvu yonse yomwe makina amakoka pa mawaya, koma kumeneko amaikidwa ndi injiniya atayeza, osati kugula pa tebulo la mumsewu.

Bambo a kunyumba ndikuwamvetsa, makala amaoneka ngati opepuka chifukwa mumagula pang'onopang'ono. Koma alembe ndalama zonse za makala pa mwezi, aziyerekeze ndi mayunitsi omwe kuka ingadye mukamaphika mwa njira zomwe ndanenazi. M'tauni thumba la makala silotsika mtengo. Mbaula m'nyumba yotseka mawindo imatulutsanso mpweya wopanda fungo womwe wapha anthu ambiri ali m'tulo m'nyengo yozizira. Palinso mbali ina yomwe imandikhudza ine monga munthu wa zamagetsi. Magetsi ambiri omwe EGENCO imapanga amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje yothira mu Shire, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya m'madamu, zinyalala zimatseka polowera madzi, makina amaima, ife timakhala mumdima. Mukukumbukira mmene tinavutikira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ngati mukufuna chothandizira kuka, makamaka magetsi akathima, ganizirani za gasi. Ndipo ndalama ikadzapezeka, giza yoyendera dzuwa ndi chinthu chomwe ndingakulimbikitseni kuposa china chilichonse, chifukwa imachotsa chinthu chodya kwambiri pa mita yanu.

Popeza amene awerenge yankholi ena ndi a m'maofesi ndi m'mashopu, ndionjezepo mawu pang'ono. Kuntchito magetsi amaonongeka kwambiri chifukwa woyatsa si amene amalipira. Kuchokera Lachisanu 5 koloko madzulo kufika Lolemba m'mawa pamadutsa maola oposa 60. Kompyuta ya pa desiki yodya mawati 100 ikasiyidwa yoyaka nthawi yonseyi yadya mayunitsi 6, ndipo zikakhala 20 ndi mayunitsi 120 pa mlungu, popanda ntchito yomwe yagwiridwa. Choziziritsira m'chipinda chaching'ono chimadya mawati 1,000 kapena kuposa, pomwe fani ndi 50 mpaka 75. Ndimalowa m'maofesi momwe choziziritsira chili pa madigiri 16, zenera lili pululu, mwini ofesi wavala jekete. Chiikeni pa 24 kapena 25, tsekani zitseko ndi mawindo, sefa yake izitsukidwa, ndipo chizime m'chipinda mukachoka anthu. Chowiritsira madzi a tiyi chachikulu chija chisamabwate kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Machubu akale a mawati 36 akapsa, ikani a LED a mawati 18. Magetsi a panja aikidwe kachipangizo kowazimitsa kukacha. Koma zonsezi zimagwira pokhapokha pakakhala munthu mmodzi wopatsidwa udindo wozungulira asanakiye, ndi kulemba mita m'mawa ndi madzulo. Kwa a zigayo ndi a ma workshop, injini isamazungulire yopanda katundu podikira kasitomala, ndipo lamba wolefuka, sefa yotsekeka ndi nyundo zotha zimatalikitsa nthawi yogayira thumba limodzi. Makampani akuluakulu omwe ali pa mitengo yosiyanitsa nthawi afunse ku ESCOM maola omwe yunitsi imatsika, n'kusunthira ntchito zolemera kumeneko.

Tibwerere kwa inu, Mayi. Pali zizindikiro zomwe siziyenera kudikira kutha kwa mwezi. Mukamva kunyerenyetsa mukagwira mpopi, sinki, kuka kapena thupi la firiza, tsitsani main switch nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mukamva fungo la pulasitiki wopserera, mukaona soketi yada kapena ikutentha mukaigwira, kapena swichi ya m'bokosi ikamagwa pafupipafupi. Swichi yogwa musaimange ndi waya kapena kuikakamiza, ikugwa pofuna kukutetezani. Ndili ndi nkhawa makamaka ndi galaja yanu, chifukwa magalaja ambiri anapangidwa ndi soketi imodzi ya zinthu zopepuka, ndiye anthu amalumikiza ma dryer atatu ndi firiza pa ekisitenshoni imodzi yopyapyala yoyenda pansi pomwe pamatayika madzi. Ma dryer anu atatu akayaka pamodzi ndi mawati 4,000, pomwe pulagi imodzi ya ma amp 13 imanyamula pafupifupi 3,000 okha. Ngati ndi mmene zilili kwanu, ichi ndicho choyamba kukonza, nkhani ya mayunitsi ibwere pambuyo. Itanani wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, mumupemphe akuonetseni chiphasocho, aike masoketi okwanira pa waya wawowawo, ayese earth (waya wotayira magetsi m'nthaka) ya nyumba yonse ndi swichi yoteteza anthu kugwidwa ndi magetsi, ndipo ulendo womwewo aone thermostat ndi elementi ya giza.

Mlungu uno yambani ndi kope, giza ndi nyemba. Mukalemba manambala a masiku 7, usiku ndi masana padera, masiku a saluni yodzadza ndi masiku opanda makasitomala, nditumizireni pamodzi ndi mawati a pa zikwangwani za ma dryer ndi firiza, tidzawerengere limodzi kuti mutu umodzi muzilipiritsa zingati.